Mimba, Mapapo ndi Chiwindi: Kuzindikira ndi Kusamalira Metabolic Syndrome ku Lukusuzi

Metabolic syndrome si nthenda imodzi. Ndi dzina limene madokotala anapatsa mavuto asanu okonda kuyendera limodzi m'thupi: mafuta ochuluka pamimba, kuthamanga kwa magazi, shuga wokwera, kuchuluka kwa mafuta a m'magazi otchedwa triglyceride, ndi kuchepa kwa cholesterol wabwino wotchedwa HDL. Munthu akapezeka ndi atatu mwa asanuwa amati ali ndi vutoli. Dzina lake la Chichewa palibe. Anthu amadziwa BP payokha, amadziwanso shuga payekha, koma mimba yotuluka ambiri amaiona ngati umboni wakuti mwini wake zikumuyendera.

Amene anamanga mavutowa mtolo umodzi ndi Gerald Reaven wa ku yunivesite ya Stanford, amene mu 1988 anafotokoza kuti muzu wake ndi thupi kusiya kumvera insulin. Insulin imapangidwa m'chiwalo chotchedwa pancreas, kuseri kwa chifu, ndipo ntchito yake ndi kulowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Mafuta akaunjikana mkati mwa mimba, kuzungulira matumbo, amatumiza tizidutswa tawo ku chiwindi kudzera mumtsempha waukulu wochokera kumatumbo. Chiwindi chimayamba kusunga mafutawo, chimatulutsa shuga ngakhale thupi lisakumufuna, ndipo pancreas amakakamizika kupanga insulin yochuluka. Impso nazo zimayamba kusunga mchere, magazi n'kumathamanga. Zimenezi zimatenga zaka munthu osamva kupweteka paliponse. Pamapeto pake ngozi ya nthenda ya mtima ndi sitiroko imakhala pafupifupi kawiri, ndipo ya matenda a shuga imakhala pafupifupi kasanu, poyerekeza ndi munthu wopanda vutoli.

Wina angafunse kuti nkhani ya mafuta ikufuna chiyani ku Lukusuzi, kumene anthu amadzuka ndi khasu. Lukusuzi ndi nkhalango yotetezedwa ya masikweya kilomita 2,720, kum'mawa kwa chigwa cha Luangwa, pakati pa Chipata ndi Lundazi m'dziko la Zambia. Boma la Lundazi linagawidwa patatu mu 2018, kukhala Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, koma anthu ozungulira nkhalangoyi akadali kuyang'ana ku tauni ya Lundazi pa malonda ndi pa chithandizo chachikulu. Amalima chimanga, mtedza, soya, thonje ndi fodya, ndipo ena amakumba miyala yamtengo wapatali monga aquamarine. N'zoona kuti mlimi wolima ndi manja sanenepa msanga. Komabe mudzi si alimi okhaokha. Muli aphunzitsi, a magolosale, ogula mbewu, a njinga zamoto, amayi amene abereka kangapo, ndi anthu ambiri omwa ma ARV. Mafuta ophikira, zakumwa zotsekemera ndi ufa woyera zinafika kale m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Chipata. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Zambia monse mu 2017 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, pafupifupi mmodzi mwa anayi ndi wonenepa kupitirira muyezo, ndipo anthu 6 mwa 100 ali ndi shuga wokwera. Chimene chikusiyanitsa dera ngati ili ndi mayiko olemera n'chakuti kuno mavuto atsopanowa akupeza mapapo ndi chiwindi zitavulala kale ndi utsi, TB, hepatitis B, likodzo ndi chuku.

Kuyeza kumayambira pa chida chotsika mtengo kuposa zonse, tepi ya telala. Munthu amaima chilili, atakwinya malaya, mapazi atayandikana. Woyeza amafufuza ndi zala nthiti yomalizira ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, n'kuzungulitsa tepiyo pakati pa ziwirizi, osaimanga ngati lamba, ndipo amawerenga pamene munthuyo watulutsa mpweya. Bungwe la International Diabetes Federation mu 2005 linati anthu a kuno ku Africa ayambe agwiritsa ntchito malire a ku Ulaya: masentimita 94 kwa amuna ndi 80 kwa akazi. Malire enawo anagwirizanidwa mu 2009. BP ikhale 130/85 kapena kuposa, shuga woyeza munthu asanadye akhale 5.6 mmol/L kapena kuposa, triglyceride 1.7 kapena kuposa, ndipo HDL itsike pansi pa 1.0 kwa mwamuna kapena 1.3 kwa mkazi. Amene akumwa kale mankhwala a limodzi la mavutowa amawerengedwa kuti ali nalo. Manambalawa ndi chenjezo chabe. Matenda enieni a shuga amayambira pa 7.0, ndipo BP imatchedwa nthenda ikakhala 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana.

Malirewa ali ndi zofooka zake. Sanachokere m'matupi a anthu akuno, ndipo zadziwika kuti anthu akuda ambiri amakhala ndi triglyceride wotsika ngakhale thupi lawo litasiya kale kumvera insulin. Kuwonjezera apo, zipatala zazing'ono za kumudzi kawirikawiri siziyeza mafuta a m'magazi. Sichanzeru kudikira zotsatira zonse zisanu. Tepi, makina a BP ndi kachipangizo kobaya chala zikaloza kumodzi, chithandizo chiyambe. Kuyeza kwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu, n'kothandiza, koma kumanamiza kwa munthu woperewera magazi, wa sickle cell kapena wa chiwindi chouma, ndipo anthu otere kuno ndi ambiri.

Pa chiwindi m'pamene pamafunika kudekha kwambiri. Mafuta akadzaza m'chiwindi cha munthu wosamwa mowa, nthendayo kale inkatchedwa NAFLD, ndipo kuyambira 2023 ikutchedwa MASLD pofuna kuonetsa kuti ndi mphukira ya metabolic syndrome. Pa dziko lonse lapansi ili ndi anthu aakulu pafupifupi atatu mwa khumi. Ambiri a iwo chiwindi sichiwavuta moyo wawo wonse, chimene chimawapha ndi mtima. Koma mwa ena mafutawo amatupitsa chiwindi, kutupako kumasiya zipsera, ndipo zipsera zikachuluka chiwindi chimauma n'kukhwinyata. Pamenepo m'pamene pamabwera madzi m'mimba, chikasu m'maso, kusanza magazi ndi kusokonezeka mutu.

Kulakwa kwakukulu kumene kungachitike ku Lukusuzi ndiko kuona munthu wonenepa amene magazi ake akuonetsa kuti ALT, muyezo wa kutupa kwa chiwindi, wakwera, n'kungoti ndi mafuta. Zoyambitsa zina ziyenera kufufuzidwa kaye. Choyamba ndi hepatitis B. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2016 anapeza kachilomboka mwa anthu aakulu 5.6 pa 100 m'Zambia, ndipo mwa amene ali ndi HIV chinali 7.1 pa 100. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana m'dzikoli mu 2005, kutanthauza kuti pafupifupi aliyense wa msinkhu wodwala BP ndi shuga lero sanabayidwe ali mwana. Kuyeza kwake n'kwa dontho limodzi la magazi, ndipo mankhwala a tenofovir amakagonetsa kachilomboka. Chachiwiri ndi mowa, makamaka kachasu, ndipo funso lake liyenera kufunsidwa mwaulemu, munthu ali payekha, apo ayi yankho limakhala lakuti amangolawa pa maliro. Chachitatu ndi likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amatsakamira m'mitsempha ya chiwindi. Wodwala wake amatupa kapamba ndipo akhoza kusanza magazi pamene chiwindicho chikugwirabe ntchito. Chachinayi ndi mankhwala, a kuchipatala ndi azitsamba omwe.

Chachisanu chili m'nkhokwe. Chuku chomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene anadziwika mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha mtedza. Poizoniyu safa ndi moto. Chigawo cha Kum'mawa ndiye nkhokwe ya mtedza ya Zambia, ndipo mmene ntchito yosankha mtedza imayendera pakhomo m'podetsa nkhawa. Mtedza wonona, wosalala, umalowa m'thumba la kumsika. Wofota, woboola ndi tizilombo ndi wothimbirira umatsala m'lichero, ndipo ndi umenewo umasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi phala la ana. Enanso amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, chimene chimadzutsa chuku. Mu August 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa chifukwa cha chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndipo anapezekanso mu ufa wina wogulitsa. Aflatoxin akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, ngozi ya khansa imachulukana kambirimbiri. Pakabweranso mafuta ndi shuga, chiwindi chimakhala chikumenyedwa mbali zitatu.

Funso lofunika pa chiwindi si lakuti muli mafuta kapena ayi, koma lakuti zipsera zafika pati. Makina a ultrasound amaona mafuta akachuluka, amaonanso madzi ndi zotupa, koma zipsera zoyamba saziona bwino. Pali masamu osavuta otchedwa FIB-4, ophatikiza zaka za munthu, AST, ALT ndi chiwerengero cha ma platelet. Yankho likakhala pansi pa 1.3, zipsera zazikulu n'zokayikitsa ndipo munthu angasamalidwe kwawo konko. Likapitirira 2.67, ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu, ku Chipata Central kapena ku UTH ku Lusaka. Wa hepatitis B amamuwerengera ndi masamu ena ofanana nawo, a APRI, amene WHO mu 2024 inatsitsa malire ake kuti anthu ambiri ayambe mankhwala msanga.

Ku mapapo lamulo loyamba silisintha: munthu wotsokomola milungu iwiri, wotuluka thukuta usiku kapena wotsika sikelo apereke makhololo kuti ayezedwe TB pa makina a GeneXpert, ngakhale akhale wonenepa bwanji. Kunenepa sikutchinga TB mwa munthu wa shuga. Matenda a shuga amafooketsa chitetezo, moti mwini wake amakhala pa ngozi ya TB kawiri kapena katatu kuposa ena, amachira mochedwa, ndipo imamubwerera mosavuta. N'chifukwa chake mu 2011 WHO ndi bungwe la The Union analangiza kuti aliyense wa TB ayezedwe shuga, ndipo aliyense wa shuga azifunsidwa za chifuwa. Shuga amakwera kwa kanthawi pamene TB yakula mphamvu, choncho ndi bwino kumuyezanso pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Makhololo akapezeka opanda TB, nkhani siinathe. Ambiri amene anachira TB amatsala ndi mapapo a zipsera, amabanika ndi kutsokomola zaka zambiri, ndipo ena amabwerezedwa mankhwala a TB popanda chifukwa. Utsi nawo uli ndi mbali yake. Khitchini ya kumudzi imakhala yaing'ono, yopanda zenera, denga lake lakuda bii ndi mwaye wolendewera, ndipo mayi amakhala chogwada pa mafuwa katatu pa tsiku, nthawi ya mvula akuuzira nkhuni zonyowa, mwana ali kumbuyo. Bambo amakoka chingambwe, amasonkhezera moto m'balani la fodya kapena amaotcha makala. Wokumba miyala amapuma fumbi la mwala, limene limaumitsa mapapo ndi kuitana TB. Nthenda yotseka njira za mpweya, ya COPD, imatsimikizika ndi makina opumiramo otchedwa spirometer, pamene mpweya wotuluka pa sekondi yoyamba uchepera magawo 70 pa 100 a mpweya wonse munthu atapopera kale mankhwala otsegula chifuwa. Makinawa sapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma, motero mbiri ya wodwala, chithunzi cha pachifuwa ndi kachipangizo koyeza mpweya pa chala ndizo zimagwira ntchito.

Mafuta a pamimba pawokha amapanikiza mapapo kuchokera pansi ndipo amakulitsa mphumu. Palinso vuto lina limene silifunsidwa kawirikawiri, la kubanika kutulo. Munthu amaliza mkonono waukulu, kenaka zii kwa kanthawi, n'kudzidzimuka ngati wotsamwa. Masana amangosinza, ndipo BP yake simvera mankhwala. Wodziwa zimenezi ndi amene amagona naye chipinda chimodzi, ndiye ayenera kufunsidwa.

Zizindikiro zimasokoneza chifukwa mtima, mapapo ndi chiwindi zimadandaula mofanana. Kutupa miyendo, kumene kumudzi ena amati munthu waponda mankhwala, kungachokere ku mtima wotopa ndi BP, ku mtima wolemedwa ndi mapapo owonongeka, ku chiwindi chouma, ku impso, kapenanso ku mapiritsi a amlodipine. Mimba yaikulu ingakhale mafuta, ingakhalenso madzi. Woyeza akagogoda ndi chala wodwala atagona chagada, kenaka cham'mbali, amamva madziwo akusuntha. Tepi siisiyanitsa ziwirizi.

Pa chithandizo, maziko ndi chakudya ndi kuyenda. Kutsitsa sikelo ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 kumachotsa mafuta ndi kutupa m'chiwindi, ndipo kwa ena zipsera zimabwerera m'mbuyo. Kwa munthu wa makilogalamu 90 ndiye kuti makilogalamu 6 mpaka 9, pang'onopang'ono pa miyezi ingapo. Palibe chifukwa chomuletsera nsima. Achepetse mitanda, asankhe mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ndipo mbale ichuluke nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, nyemba, khobwe ndi nsomba. Shuga wa m'tiyi ndi m'thobwa, zakumwa za m'mabotolo ndi zitumbuwa zokazinga ndizo zoyamba kusiya. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, pamene anthu a m'Zambia amadya pafupifupi kawiri kake. Mphindi 150 pa mlungu za kuyenda ndawala n'zokwanira, ndipo wa mapapo ofooka asaleke kuyenda poopa befu, chifukwa kukhala pansi kumafooketsa miyendo n'kuwonjezera befuyo. Fodya asiyiretu. Mowa, kwa amene chiwindi chake chili ndi zipsera kapena hepatitis B, ulibe muyezo wabwino.

Uphungu wochepetsa thupi umafuna kusamala pa zifukwa ziwiri. M'madera amene AIDS inapha anthu ambiri, kuwonda kumayambitsa manong'onong'o, ndipo mayi amene wayamba kutsika sikelo amafunsidwa ndi apongozi ngati kunyumba kuli mtendere. Banja lonse liyenera kumva kuchokera kwa a chipatala chifukwa chake. Chifukwa china n'chakuti uphunguwu si wa aliyense. Wodwala TB, wa COPD amene waonda kale ndi wa chiwindi chouma amafunika chakudya chomanga thupi, osati kusala. Ndipo kuonda kobwera kokha, munthu asanasinthe kadyedwe, ndi chizindikiro cha matenda.

Povuta penipeni ndi pa mankhwala, pakuti ochiza chiwalo china amatha kupweteka chinzake. Mwa mankhwala anayi oyambira a TB, atatu, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amatha kutupitsa chiwindi, makamaka chimene chili kale ndi hepatitis B kapena mowa. Wodwala wotere ayezedwe ALT asanayambe ndiponso m'milungu yoyambirira. Auzidwe momveka kuti mkodzo wofiirira ngati fanta ndi mtundu chabe wa rifampicin, koma maso achikasu, nseru yosatha, kusanza ndi kupweteka pansi pa nthiti za kumanja ndi chifukwa chopitira ku chipatala tsiku lomwelo. Madokotala amaimitsa mankhwalawo ALT akakwera kasanu kuposa malire, kapena katatu ngati pali zizindikiro, n'kudzawabwezera limodzilimodzi. Rifampicin yemweyo amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, moti glibenclamide wa shuga, amlodipine ndi nifedipine a BP ndi ma statin ena amachepa mphamvu. Munthu amene BP ndi shuga wake zinali bwino amaona zakwera atangoyamba mankhwala a TB, ndipo amadzudzulidwa kuti sakumwa mapiritsi pamene akumwa. Dolutegravir wa m'ma ARV naye amayenera kumwedwa kawiri pa tsiku nthawi imeneyi. Isoniazid amawonjezera dzanzi la kumapazi limene shuga amabweretsa kale, n'chifukwa chake pyridoxine sayenera kuiwalika.

Metformin ndiye mankhwala oyamba a shuga. Sasokonezedwa kwenikweni ndi rifampicin ndipo ndi wabwino kwa wa chiwindi cha mafuta. Amaimitsidwa chiwindi chikafika potulutsa madzi ndi chikasu, impso zikafooka kwambiri, kapena munthu akagonekedwa akusowa mpweya. Pamenepo insulin ndiyo imalowa m'malo, ndipo kumene kulibe firiji amaisunga m'kabotolo kotseka bwino mumtsuko wadothi wa madzi ozizira, pamthunzi. Wa chiwindi chouma shuga wake amagwa msanga, choncho muyezo umayambira pansi. Prednisolone, amene amapulumutsa munthu mphumu ikamugwira, amakweza shuga ndi BP, ndipo akamwedwa miyezi yambiri amanenepetsa pamimba. Ndi wa masiku ochepa okha. Chosamalira mphumu tsiku ndi tsiku ndi mankhwala opopera monga beclometasone, amene anthu ena amawaopa poganiza kuti ukawayamba sungawasiye, pamene ndiwo ofatsa kuposa mapiritsi. Propranolol amateteza mitsempha ya kummero kuti isaphulike mwa wa chiwindi chouma kapena likodzo, koma kwa wa mphumu amatseka chifuwa. Enalapril amateteza impso za wa shuga, koma ena amawapatsa chifuwa chouma chimene chimawayendetsa ulendo wautali kukayezetsa TB. Saperekedwanso kwa mayi woyembekezera.

Ma statin otsitsa cholesterol ankaopedwa kale kuti amawononga chiwindi, koma tsopano n'zodziwika kuti wa chiwindi cha mafuta angamwe bwinobwino, ndipo amamuteteza ku chimene chingamuphe msanga. Oopsa ndi mapiritsi a ululu ogula pa golosale. Brufen ndi diclofenac amakweza BP, amapweteka impso, ndipo kwa wa chiwindi chouma amayambitsa kutaya magazi m'mimba. Panado ndiye wabwinoko, koma wa chiwindi chouma asapitirire magalamu 2 pa tsiku. Omwa ma ARV a TLD ambiri amanenepa, makamaka amayi, monga anasonyezera kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg mu 2019. Chimenechi si chifukwa chosiyira mankhwala, koma choyezera chiuno, BP ndi shuga pa tsiku lotenga mankhwala. Tenofovir ndi lamivudine a mu TLD amagonetsanso hepatitis B, ndipo wokhala ndi tizilombo tiwiri tonseti akadukiza, chiwindi chimatha kutupa mwadzidzidzi mpaka kupha. Mankhwala atsopano a chiwindi cha mafuta, monga resmetirom amene America inavomereza mu 2024, mtengo wake suli wa mlimi wa ku Lundazi.

Zonsezi zimatheka pokhapokha wina ataona mankhwala onse a munthu pamodzi. Apa m'pamene kagawidwe ka ntchito m'zipatala kamalephera wodwala. TB ili ndi khomo lake ndi khadi lake, ma ARV ali ndi tsiku lawo, BP ndi shuga zili ndi mzere wawo, ndipo munthu wochokera m'mphepete mwa nkhalango, amene nthawi ya dzinja amaoloka mitsinje yodzaza kuti afike ku Lumezi kapena ku Lundazi, sangayende maulendo atatu pa mwezi. Amasankha umodzi, ndipo kawirikawiri BP ndiyo imatsala chifukwa siipweteka. Ku Neno m'Malawi anasonyeza kuti HIV, shuga, BP ndi mphumu zikhoza kuonedwa pa kiliniki imodzi, tsiku limodzi, ndi anthu omwewo, ndipo WHO yakhala ikulimbikitsa njira yoteroyo m'zipatala zazing'ono kuyambira 2010 kudzera mu ndondomeko ya PEN. Pamene njira imeneyi siinafike, wodwala kapena womuperekeza azinyamula makadi onse ndi mapaketi onse a mankhwala, kuphatikizapo a pagolosale ndi a kwa sing'anga, n'kuwayala patebulo la dokotala ulendo uliwonse.